Tepi, sileti ndi kamera pa makorali a ku Mafia

Za msewu wochokera ku Songwe mpaka ku Dar es Salaam sindinena, chifukwa chimene ndinapitira chinali ku chilumba cha Mafia ku Tanzania, kukathandiza gulu lina loyeza thanzi la makorali, tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga matanthwe, ku Chole Bay. Boti lochokera pa doko la Nyamisati kupita ku chilumbacho linatichedwetsa koopsa, ndipo tinapsa ndi dzuwa popanda wotiuza nthawi yonyamukira. Amene mukufuna kupitako dziwani kuti Utende, mudzi wa m'mbali mwa Chole Bay, ili mkati mwa paki ya m'nyanja imene inakhazikitsidwa mu 1995, choncho mlendo wogona kumeneko amalipira madola oposa 20 tsiku lililonse, pamene Kilindoni, tawuni yaikulu ya pachilumbacho, ili kunja kwa pakiyo.

M'mawa wina tinagawikana magulu awiri pa thanthwe limodzi. Ife tinayala tepi ya mamita 100 motsatira njira ya bungwe la Reef Check, imene munthu amalemba pa sileti chimene chili pansi pa tepi pa theka lililonse la mita, kaya ndi korali wamoyo, wakufa, ndere kapena mchenga, m'zigawo zinayi za mamita 20, zonse pamodzi malo 160. Anzathuwo anali ndi kamera yomangirira pa chimango, yojambula malo ofanana kukula kwake. Madzi atayamba kuthamanga, mtsikana wofufuza amene anali ndi kamerayo anatulukira pamwamba misozi ikulengeza, chifukwa madzi anali atalowa m'bokosi la kamera ndipo ntchito imene anasungira ndalama chaka chonse inaoneka kuti yathera pomwepo.

Wotitsogolera pansi pa madzi anali bambo wachikulire amene kale anali msodzi. Sananene zambiri. Anatenga sileti yotsala, nanola pensulo ndi mpeni, nati, "Mwana wanga, tiye tibwerere. Iwe uziwongola tepi, ine ndizilemba." Anatsikanso, ndipo ndinawaona akuyenda pang'onopang'ono motsutsana ndi madzi, bamboyo akuloza ngakhale timakorali tating'ono tomera kunsi kwa mwala, kumene kamera yoyang'ana kuchokera pamwamba sikanafika. Anakana malipiro owonjezera.

Madzulo tinakangana za njirazi tikudya mpunga wa kokonati ndi nsomba. Mtsikanayo sanalakwe ponena kuti chithunzi ndi mboni yokhalitsa, pakuti wina akhoza kuchiwerenganso patapita zaka, kapena kuchipereka ku pulogalamu ya pakompyuta ya CoralNet yozindikira makorali pa zithunzi, pamene zolemba pa sileti zimadalira diso la wolembayo, ndipo anthu awiri amasiyana pa tepi imodzimodziyo. Wina anayamikira manta tow, pamene munthu amakokedwa ndi boti n'kumalemba zimene waona mphindi ziwiri zilizonse. Njirayi imayendera dera lalikulu ndipo imaonetsa msanga pamene makorali ayera chifukwa cha kutentha kwa madzi kapena pamene mabomba a asodzi anaphwanya, koma manambala ake ndi ongoyerekeza. Pa nsomba zamantha zimene zimathawa munthu, kamera ya nyambo yosiyidwa pansi imaposa zonsezi.

Ine mtima wanga uli pa tepi, ngakhale zofooka zake ndikuzidziwa. Kutentha kwa nyanja kunapha makorali ambiri m'nyanja ya Indian mu 1998, kunabweranso mu 2016 ndi mu 2024, ndipo kuti tidziwe ngati thanthwe likuchira pamafunika kuyeza malo omwewo, mwa njira yomweyo, chaka ndi chaka. Manambala otengedwa mwa njira zosiyana ndi ovuta kuwayerekezera. Chimene chimandiwawa n'chakuti opereka thandizo amafulumira kugula zipangizo zodula zimene zikawonongeka palibe wozikonza pachilumba, koma akamva za mafuta a boti, mpweya wa m'masilinda ndi malipiro a anthu ngati bambo uja, amayamba kunena kuti bajeti yachepa.