Mpweya wobisala m'matope a pansi pa nyanja

Mwezi watha ndinatsika kuchoka kuno ku Zomba kupita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene ndinakwera bwato la bambo ena achikulire amene amawolotsa anthu kupita pachilumba cha Chisi. Nthawi iliyonse akazika nsungwi yawo m'matope kuti akankhe bwato, tithovu tinkatumphuka m'mbali mwa nsungwiyo n'kuphulikira pamwamba pa madzi. Nditawafunsa kuti, "Bambo, kodi thovuli likuchokera kuti?" iwo anangoseka n'kuyankha kuti ndi matope akupuma. Sanalakwitse kwenikweni, pakuti mabango ndi zomera zina zikawolera m'matope opanda mpweya wabwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timatulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane, ndipo mpweyawo umatsakamira momwemo kufikira china chitausokoneza.

Zimene zimachitika m'nyanja ya Chilwa zimachitikanso pansi pa nyanja zikuluzikulu zamchere, koma kumeneko kulibe nsungwi imene ingafike pansi. Akatswiri amagwiritsa ntchito mawu. Chipangizo chomangidwa kunsi kwa sitima, kapena chokokedwa pambuyo pake, chimatumiza kaphokoso kakafupi pansi, kenaka chimamvetsera kubwerera kwake, monga mmene munthu amafuulira m'chigwa cha paphiri la Zomba n'kumva mawu ake akumubwerera. M'madzi mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi, choncho ngakhale pamalo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi, pamene ndi mamita pafupifupi 700, ulendo wopita ndi wobwera sukwana sekondi. Chipangizo chotchedwa sub-bottom profiler, chimene nthawi zambiri chimagwiritsa ntchito mafunde a mawu a 3.5 kHz (ndiye kuti mafunde 3,500 pa sekondi imodzi), chimalowetsa mawu m'matope enieniwo ndipo chimajambula magawo ake atasanjikizana ngati zigamba za mkate.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mpweyawu umadziwika makamaka chifukwa cha zimene umabisa. Tithovu tochepa chabe m'matope timachepetsa kwambiri liwiro la mawu, timawamwaza, ndiponso timameza mphamvu yake. Zotsatira zake n'zakuti pachithunzi, mizere yosalala ya matope imayenda bwinobwino kenaka imaduka mwadzidzidzi, ndipo m'malo mwake mumaoneka chimbuuzi chonga utsi, kapena malo oyera mbee opanda kalikonse pansi pake. Wosazolowera angaganize kuti makina afa. Pena pamwamba pa gawo la mpweyalo pamakhala mzere wowala kwambiri, chifukwa kusiyana kwa matope onyowa ndi matope ampweya kumabweza mawu ambiri nthawi imodzi. Penanso chimbuuzicho chimakwera choongoka ngati chumuni, kusonyeza njira imene mpweya wadzera pochokera pansi.

Mpweyawo ukaboola n'kutuluka umasiya maenje pansi pa nyanja. M'chaka cha 1970 akatswiri awiri, Lewis King ndi Brian MacLean, anafotokoza maenje oterewa kufupi ndi Nova Scotia ku Canada, ndipo anawatcha dzina lakuti pockmarks, kutanthauza zipsera zonga za nthomba. Pambuyo pake anapezeka ochuluka m'nyanja ya North Sea ku Ulaya ndi kwina. Lero amajambulidwa ndi multibeam, imene imamwaza mawu ngati chikupizo n'kupanga mapu a pansi pa nyanja, komanso side-scan sonar, imene imayang'ana cham'mbali. Ngati dzenjelo likutulutsabe mpweya, mtsinje wa tithovu umaoneka m'madzi ngati lawi lalitali.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa si chilichonse chobweza mawu m'madzi chimene chili methane. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo gulu lake lingaoneke ngati lawi lomwelo. Kwathu kuno, mphutsi za nkhungu za m'nyanja ya Malawi nazonso zili ndi timatumba ta mpweya, ndipo zimaoneka pamakina. Kusiyana kwake n'kwakuti gulu la nsomba limasuntha, pamene lawi la mpweya limakhala lozikika pamalo amodzi ngakhale sitima itadutsapo kangapo. Miyala ya nsangalabwi nayonso imatha kutchinga mawu, n'chifukwa chake wofufuza wanzeru amatsitsa chitoliro n'kutapa matope kuti akawayeze.

Kuyezako n'kumene kumayankha funso limene ambiri a ife timathamangira kufunsa. Kuyambira mu 2011, pamene boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja ya Malawi kwa kampani ya Surestream, anthu akangomva za mpweya pansi pa madzi amaganiza za chuma. Komatu methane wa m'matope osaya kawirikawiri amakhala wonga wa ku Kachulu uja, wochokera ku zowola, osati wochokera m'miyala yakuya imene kutentha kwa pansi pa dziko kunaphika mafuta. Kwa okumba zitsime m'nyanja, mpweya wosayawu ndi ngozi kuposa phindu: mu 1985 nsanja yokumbira ya West Vanguard, kufupi ndi Norway, inaboola thumba la mpweya wotere, moto unabuka ndipo munthu mmodzi anamwalira. Oika mapaipi ndi zingwe za intaneti pansi pa nyanja nawonso amafuna mapu amenewa asanayambe ntchito, popeza matope odzaza mpweya ndi ofooka ndipo sachedwa kugumuka pamalo otsetsereka.