Atsibweni anandifunsa za mutu 7

Tulo takana. Magetsi anathima madzulo ndipo mpaka pano sanayake, ndiye ndikulemba ndi kuwala kwa foni, udzudzu ukulira kunja kwa neti. Kaya likadali Lachiwiri kaya lalowa Lachitatu, tambala wa kuseri kwa mpanda walira kale kamodzi.

Ndinapita kukazonda atsibweni kumudzi, njira yopita ku Mtunthama. Amayi ndiwo anandituma, akuti miyendo ya alongo awo yayambanso kutupa, ndiwapititsire sopo, mchere ndi mankhwala a BP. Ndinawapeza pakhonde, pa mpando wawo wa ndalema uja nsalu yake inasokedwa kawiri, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Potulutsa katundu m'chikwama, buku linagwa pansi. Things Fall Apart, la Chinua Achebe, chikuto chake chothetheka m'makona. Ndakhala ndikuliwerenganso chifukwa Lachisanu ndikufuna kukambirana ndi ana a kalabu yowerenga kusukulu kwathu.

Analitola okha ngakhale kuwerama kumawavuta. Atsibweni anaphunzitsa kupulayimale zaka zoposa 30, ndipo buku akaligwira amayamba alipukuta ndi chikhatho ngati mwana wagwa pafumbi.

"Iwe, wafika pa mutu 7?"

Funsolo ndinalilumpha, chifukwa ndinali ndi yanga nkhani imene yakhala ikundiyabwa sabata yonse. Ndinawauza kuti ndikufuna ana aone kuti Okonkwo, mwini nkhani wa m'bukuli, si wa ku Nigeria kokha. M'bukumo amadzimangirira pamtengo ataona kuti anthu akwawo ku Umuofia sadzamenyana ndi mzungu. Ife kuno tili naye wathu. Kumapeto kwa 1895 asilikali a atsamunda anathira nkhondo Mwase Kasungu, linga lake linagwa, ndipo mfumuyo inadzipha kusiyana ndi kuti igwidwe. Kenako azungu anamanga linga lawo kuno nalitcha Fort Alston. DC wa m'buku la Achebe akuganiza kuti moyo wonse wa Okonkwo ukwana ndime imodzi m'buku limene akulemba, ndipo Mwase wathuyo m'mabuku a mbiri amene ine ndinawerengapo ali ndi mizere iwiri basi. Ndinaonjeza kuti bukuli linatuluka ku London mu 1958, chaka chomwe Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July kudzaphwanya chitaganya. Nigeria inalandira ufulu mu 1960, ife mu 1964. Achebe ankauza anzake a m'badwo umenewo kuti makolo awo anali ndi malamulo, mabwalo a milandu ndi ulemu wawo mzungu asanabwere. Ndinalankhula nthawi yaitali, mtima uli m'mwamba, mpaka madzi a m'beseni anazizira.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Walankhula bwino, ana akakuombera m'manja. Koma zimenezo n'zokoma kuphunzitsa chifukwa wolakwa ndi mlendo. Ine ndakufunsa za mutu 7."

Mutu 7 ndi wa Ikemefuna. Mnyamata wa ku Mbaino amene anaperekedwa ku Umuofia ngati chipepeso pa mlandu wa mayi amene anaphedwa. Anakhala zaka zitatu pakhomo pa Okonkwo, kudya mbale imodzi ndi Nwoye mwana wa Okonkwo, mpaka kumamuitana Okonkwo kuti bambo. Atagamula kuti aphedwe, nkhalamba Ezeudu inapita kukamuchenjeza Okonkwo kuti mwanayo amamutcha bambo, dzanja lake lisakhudzeko. Iye anapitabe. M'nkhalango, mwanayo atasenza mtsuko wa uchema, wina anayamba kumutema, mtsuko unasweka, ndipo anathamangira kwa Okonkwo akulira. Okonkwo anasolola chikwanje n'kumumaliza, poopa kuti anzake amuona ngati wofooka, ngati bambo ake Unoka a ngongole ndi chitoliro aja. Mzungu sanafike n'komwe pamenepo. Ali patsogolo, mitu yambiri.

Ndinati inde atsibweni, ndinadutsapo Loweruka.

Anatulutsa phazi limodzi m'beseni n'kuliyang'ana kwa kanthawi. Zoti anavalapo malaya ofiira ali mnyamata ndinkadziwa. Amayi anandiuzapo kuti alongo awo ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani, wopanda khadi osalowa, osakwera basi. Kuno ku Kasungu pafupifupi banja lililonse lili ndi wake amene anakhalapo wayufi, ndipo timazinena mongodutsa, ngati tikunena za munthu amene anapitako ku Joni. Zimene sindinkadziwa ndi izi.

Ali Sitandade 7 ndi 8 sukulu inali kutali ndi mudzi, ndiye agogo anawasungitsa kwa telala wina pa tauni yaing'ono. Zaka ziwiri. Telalayo anawasokera yunifolomu osalipiritsa, ankawadzutsa m'bandakucha kuti awerenge pa koloboyi, mayeso atayandikira anawachotsera ntchito yotunga madzi. Bamboyo ndi banja lake anali a Mboni za Yehova. Boma linaletsa mpingo wawo mu 1967, ndipo iwo khadi la chipani sankagula chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mu September 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti anthu amenewa achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Atsibweni anali ndi zaka 19.

"Tinapita usiku, anyamata ambiri ndithu. Tili pafupi, tcheyamani anandiyang'ana n'kunena mokweza kuti, iwe unkadya nsima ya m'nyumba imeneyi, ukafuna tsala kumbuyo. Anzanga anaseka. Wamva? Palibe anandikakamiza. Anandipatsa mpata wotsala."

Anati analanda muuni kwa mnzawo n'kukhala oyamba kuuika padenga. Udzu wa m'chilimwe suchedwa. Telala uja anali atatuluka kale ndi mkazi ndi ana, ataima pabwalo, atakumbatira mutu wa makina ake a Singer pachifuwa. Sanatukwane. Anawaitana atsibweni ndi dzina la paubwana, n'kuwauza kuti, mwana wanga, chokapo pamenepo, mphepo ikubwera kwa iwe, upsa.

Atanena zimenezi anakhala chete. Ine ndinangoyang'ana nkhuku imene inkapalasa pansi pa chigafa. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Azakhali anabwera ndi thobwa, anaona nkhope zathu, anaika makapu pansi n'kubwerera kukhitchini osalankhula, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti iwo nkhaniyi amaidziwa.

Banja lija linathawira ku Sinda Misale, ku Zambia, kumene a Mboni zikwizikwi anakaunjikana chaka chimenecho. Atawabweza kuno anathawanso, ulendo uno ku Mlangeni, mbali ya Mozambique. Telalayo sanabwerenso. Anamwalira konko.

Chinandipweteka koyamba si moto ayi. Ndi choti munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga. Ndili ndi zaka zisanu ankandikhazika pamwendo, pakhonde lomwelo, chala chawo chikuyenda pansi pa zilembo. Ndi mwinimbumba wathu. Pa chinkhoswe changa ndiwo anakhala kutsogolo. Dzanja lomwelo. Ndikulemba pano mtima ukugundabe, ndipo sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena chisoni, chifukwa zikumabwera mosinthana. Ndikamuganizira mnyamata wa zaka 19 anzake akumuseka mumdima ndimamumvera chifundo, koma ndikangokumbukira makina a Singer aja chifundo chimathawa.

Pabalaza pawo, pamwamba pa kabati ya mbale, pali chithunzi cha Kamuzu atanyamula litchowa. Chakhala pamenepo chibadwire changa. Kuchokera pakhonde chimaoneka chitseko chikakhala chotsegula. Ndinawafunsa, mwina mwaukali kuposa mmene mwana ayenera kulankhulira ndi atsibweni ake.

"Nanga chithunzi chija mukuchisungiranji?"

"Ndikachichotsa ndiye kuti ndanena kuti anayatsa ndi iyeyo. Muuni unali m'dzanja langa."

Yankho limeneli landitsatira mpaka pabedi pano. Mbali ina ndi loona, ndipo ndi lolemera kuposa zimene ambiri a msinkhu wawo amanena, zoti inali nthawi yake, tinkangomvera. Koma sindikulivomera lonse. Ku Umuofia analipo amene anagamula kuti mwana afe Okonkwo asanagwire chikwanje. Kunonso analipo amene anakhala pamsonkhano n'kugamula, analipo amene anasoka malaya ofiira n'kuwaveka ana a eni, amene anatiphunzitsa nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, mpaka kumvera kunameza zinzake zonse. Achebe sanamusiye Okonkwo, koma sanawasiyenso akuluakulu a mudzi. Anaikamo Obierika, mnzake wa Okonkwo, amene anakana kupita nawo kunkhalango ndipo anamuuza maso ndi maso kuti akanakhala iye akanatsala kunyumba. Ndinawauza atsibweni zimenezi. Anati, "Obierika analipo. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu ananamizira m'mimba usiku umenewo. Anamwalira chaka chatha, ndinapita kumaliro ake." Sanaonjezepo kanthu.

Ndiye ndinatchula Aaron Gadama, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna kuwabaya. Mwana wa konkuno ku Kasungu, nduna, amene anaphedwa ku Thambani ku Mwanza mu May 1983 pamodzi ndi Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Atsibweni anati tsiku limenelo anali m'kalasi, anamva mphekesera pa nthawi yopuma, ndipo anabwerera kukaphunzitsa masamu osauza munthu. Patapita zaka 10, pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anaponyabe voti yawo pa tambala wa chipani chimodzi, nyali ya zipani zambiri n'kupambana. Anati sakubisa. Misewu, zipatala, sukulu ya ku Mtunthama imene inatsegulidwa mu 1981, zonsezo amaziwerenga pa zala mpaka lero, ndipo amanena ndi mtima wonse. Munthu mmodzi yemweyo. Ndimafuna atakhala awiri kuti ndidziwe woti ndimukonde ndi woti ndimukwiyire.

Pobwerera pa kabaza ndinkaganiza za mmene tinkaphunzirira mabuku kusekondale. Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, la mu 1992, tinaliwerenga chifukwa cha mayeso. Tinkaloweza mfundo zake pamndandanda, umphawi, nkhanza, katangale, kumangidwa popanda mlandu, kuti tikapeze mamalikisi. Tinkadziwa kuti lamulo lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, kuti Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu kukhoti. Zonsezo ndinazilemba bwino ndipo ndinakhoza. Koma palibe tsiku limene ndinabwera kunyumba n'kufunsa amayi kapena atsibweni kuti, inu munali kuti? Mphunzitsi wathunso sanatitumepo. Tsopano mphunzitsi ndine, ndipo mpaka m'mawa wa lero ndimakonza zokawauza ana za Mwase ndi Fort Alston, nkhani imene tonse tingatuluke m'kalasi tili oyera.

Za Mwase ndikanenabe, ndi zoona ndipo ana ayenera kuzidziwa. Koma mutu 7 ndiuyamba bwanji? M'kalabu muja muli zidzukulu za ayufi, mulinso ana awiri a Mboni amene amaima chete ena akamaimba nyimbo ya fuko. Amakhala benchi imodzi, amabwerekana zolembera. Ndikawatuma kuti akafunse agogo awo, ndikudziwa zimene ndikutsegula? Ine ndemwe, wamkulu, wa ana awiri, ndagona ndi njala lero chifukwa nsima inakana kutsika.

Chinanso. Ndikutsanzika, atsibweni anandigwira dzanja. Anati boma litachotsa chiletso cha a Mboni mu 1993, mkazi wa telala uja anabwerera ndi ana. Mmodzi mwa anawo, amene usiku uja anali kumsana, amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa pa boma pano. Akawaona amawapatsa moni mwaulemu, amawatcha aphunzitsi, nthawi zina amawaikira basela. Sakudziwa ngati mayi ake anamuuza. Zaka zonsezi amagula tomato kwa iye yekha, ngakhale ena atatsitsa mtengo, ndipo pakamwa sipatseguka.

"Miyendo ikaphwa undiperekeze. Ndekha ndimangogula tomato."

Sindinayankhe kuti inde, sindinakanenso. Ndinati tiona mukapeza bwino. Mayiyo ndikuganiza kuti ndikumudziwa, amakhala chakumapeto kwa mzere, pafupi ndi ogulitsa usipa, ndipo inenso ndagulako kwa iye kangapo. Ndi ndani anandipatsa ufulu wokamusenzetsa zimenezi iye ali pa geni yake? Mwina anadziwa kalekale ndipo basela lija ndiye yankho lake. Mwina sadziwa, ndipo tikamuuza tidzangopepukitsa mtima wa nkhalamba n'kulemetsa wake.

Amayi anaimba foni cha m'ma 8 kufunsa za miyendo. Ndinati yatupa koma akudya bwino, mankhwala ndawasiyira. Anafunsa kuti mwacheza zotani nthawi yonseyo, poti azakhali awauza kuti ndinachoka dzuwa litapendeka. Ndinati za mabuku. Anakhala chete pang'ono, kenako anati chabwino, ugone. Mu 1972 amayi anali ndi zaka 11, ankagona nyumba imodzi ndi alongo awo, ndipo munthu wochokera ku moto wa udzu amabwera akununkha utsi.

Buku analisunga. Anati ndikalitenge Lachinayi, akufuna awerengenso pamene Nwoye anamva kuti bambo ake abwera okha kuchokera kunkhalango. Batire yatsala 6 peresenti.