Tsiku limene mwana wanga anawerengera ahedi

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wathu wamkazi anali mu Sitandade 1. Mayi ake amaswera ku msika wa Nchalo, kugulitsa milamba yowamba yochokera ku Elephant Marsh, ndiye uphunzitsi unagwera ine. Sindinanyinyirike ayi. Ndinalekezera Folomu 2, koma kuyambira kale mumtima ndinkadziwa kuti choko chimandikhala.

Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba. Tinkayamba mmamawa kwambiri, chifukwa kuno kuchigwa dzuwa likakwera ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Bolodi linali pansi pomwepo, choko kamtengo.

Koma chimene ndinkanyadira kwenikweni ndi kope. Ndinagula pa okala kope la chikuto chofiira, n'kulemba mizere ndi rula: tsiku, phunziro, ndemanga. Madzulo alionse ndinkakhala pakhonde n'kumalemba modekha, magalasi ali pamphuno. "Lolemba: ma me mi mo mu, wakhoza." "Lachitatu: 3 akumulemba choyang'ana kumbuyo." "Lachinayi: tamvera phunziro la pa wailesi, mabatire atha aphunzitsi ali pakati pa nyimbo." Ndemanga ya masamu ndimaikumbukira mpaka lero: "Kuchotsera. Ndamupatsa masawu 10 kuti achotsepo 4. Watsala ndi 0, nthanga zili m'kamwa."

Mayi ake ankangondiyang'ana cham'mbali. "Abambo ake, kodi zimenezi boma likulipirani?"

Iwonso anali ndi kope lawo. Ku Nchalo malonda ambiri amayenda pa ngongole, poti anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ndi a m'boma amadikira kutha kwa mwezi. Ndiye aliyense wotenga mlamba wa "ndidzakuonani" ankalowa m'kopemo. Kope la pa okala yomweyo, chikuto chofiira chomwecho. Onse awiri tinkawasunga m'jumbo imodzi yokoleka kudenga, kuopa chiswe ndi mbuzi za aneba.

Mu Okutobala, makalasi aang'ono atatsegulidwa, ndinavala malaya anga a ku tchalitchi ndi masiki, n'kusolola kope m'jumbo kusanache bwino, mwana pakaliyala. Cholinga changa chinali choti ahedi aone okha kuti kwathu miyezi yonseyi sitinagone. Mwinanso, ndani akudziwa, akanandiika mu komiti ya sukulu.

Mu ofesi munali ahedi ndi aphunzitsi awiri aakazi, onse akudzikupiza ndi makatoni. Ndinafotokoza za ntchito yanga mwaulemu, n'kupereka kope ndi manja awiri.

"Bambo, zolemba zanu tiona bwino lino," anatero ahedi. "Umboni ndi mwanayu." Anatsegula tsamba la pakati osaliyang'ana n'komwe, n'kumupatsa. "Tawerenga apa, mwanawe."

Mwana anaika chala pamzere monga ndinamuphunzitsira, n'kukweza mawu monganso ndinamuphunzitsira.

"A-chi-mwe-ne a ka-ba-za. Mla-mba u-mo-dzi. A-li-pi-ra."

Aphunzitsi aja anaomba m'manja. Ine ndinali ndikumwetulirabe mkati mwa masiki, koma m'mutu ndikufufuza kuti phunziro la kabaza ndinaphunzitsa liti.

"Pitiriza," anatero ahedi, atakondwa.

"A-he-di."

"Eee, ndine pano. Pitiriza."

"A-he-di. Mi-la-mba i-ta-tu. Ju-la-yi. Sa-na-li-pi-re."

Makatoni onse anaima. Thukuta limene ndinali nalo kale linapeza anzake. Ndinayesa kutambasula dzanja kuti ndilande kope, koma mwana wophunzitsidwa bwino sasiya chiganizo panjira, ndipo mayi ake, ndinazindikira tsiku lomwelo, nawonso amalemba ndemanga.

"A-ka-ndi-o-na a-ma-dze-ra ku-se-ri kwa chi-ga-yo."

Mphunzitsi mmodzi anatuluka akuti akukamwa madzi. Tinamumva akusekera pa mjigo. Winayo anakwirira nkhope m'kaundula, mapewa okha akugwedezeka. Ahedi anatsokomola, anakonza tayi, kenako anati, "Chigayo sanachiphonye. Phatikizo la chi ana ambiri limawavuta." Anatseka kope n'kundibwezera ndi manja awiri, monga ndinawapatsira. Za komiti sitinakambe.

Madzulo mayi ake anafika ndi kope langa m'dengu, likununkha utsi wa nsomba. Akuti analitsegula pamaso pa kasitomala wokana ngongole, n'kupeza mawu akuti "kuwerengera kukumuvuta, akafika pa 7 amayamba kulira."

"Ndinamuwerengera momwemo," anatero. "Walipira."

Ndisanayambe kufotokoza zanga, mwana anatulutsa kapepala kopindidwa bwino kuchokera m'thumba la yunifolomu. Mkati munali ndalama ya milamba itatu, ndi mawu olembedwa ndi bolopeni yofiira akuti mwanayu amawerenga bwino kwambiri, koma kunyumba azimusankhira mabuku.

Mayi ake anawerenga ndalamazo kawiri, n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kutembenuza masamba a kope lawo.

"Abambo ake, Lamulungu mwanayu mupite naye ku tchalitchi msanga. Kwaya yonse ili pa tsamba 9."