Covadonga, sitima ya nkhondo yomwe inasintha mbendera

Kwa masabata awiri apitawa ndakhala ndikuwerenga za nkhondo za panyanja za ku South America, ndipo dzina la Covadonga linandisokoneza kwambiri. M'kope langa ndinalemba kuti zinali sitima ziwiri, ina ya Spain ina ya Chile, ndipo ndinachita kufufuta nditazindikira kuti ndi imodzi yomweyo, yomwe inalandidwa pankhondo koma osasinthidwa dzina.

Inali sitima yaing'ono yamatabwa, yoyendera nthunzi ndi matanga, yomwe inapangidwa ku Cádiz mu 1859. Pa 26 Novembala 1865, pafupi ndi Papudo, sitima ya Chile yotchedwa Esmeralda, motsogozedwa ndi Juan Williams Rebolledo, inaiyandikira itakweza mbendera ya Britain, ndipo itafika pafupi inakweza mbendera yakeyake n'kuyamba kuomba mizinga mpaka asilikali a Spain anagonja. Mkulu wawo wa panyanja, José Manuel Pareja, atamva zimenezi anadzipha.

Gawo limene ndakhalitsapo ndi la pa 21 Meyi 1879, pamene Chile inkamenyana ndi Peru. M'mawa umenewo Esmeralda yomwe ija inamizidwa ndi sitima ya Peru yotchedwa Huáscar ku Iquique, ndipo woitsogolera, Arturo Prat, anafera pomwepo, pamene Covadonga, motsogozedwa ndi Carlos Condell, inathawira kummwera ikuthamangitsidwa ndi Independencia, chisitima cha Peru chokutidwa ndi chitsulo. Poyamba sindinkamvetsa chimene Condell ankayendera mphepete mwenimweni mwa gombe, mpaka nditajambula mapu ndi pensulo n'kulembapo pamene madzi ndi osaya. Kasitima kopepuka kanadutsa bwinobwino, koma chachikulucho chinagunda mwala ku Punta Gruesa n'kutitimira pomwepo. Kwa ine, kumeneku sikunali kuthawa wamba, ngakhale mwayi unathandizapo ndithu.

Mapeto ake anadzanso ndi msampha. Pa 13 Seputembala 1880, ku Chancay, asilikali a m'sitimayi anaona kabwato kokongola kakuyandama kopanda munthu, ndipo pokakokera kuti akakweze, mabomba amene anthu a ku Peru anabisamo anaphulika. Covadonga inamira m'mphindi zochepa, ndipo woitsogolera, Pablo de Ferrari, anali m'gulu la amene anafa.