Gogodera yanga yamtengo yafika pa kamwa

Mpope watha kupala, mbali zake zonse 8 zaongoka. Kwa amene mwayamba kunditsatira posachedwa: ndikusema chifaniziro chamtengo, chosawomba, cha mfuti zolemera zothira onga kukamwa zimene akatswiri olasa patali ankanyamula pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865. Thako lake ndi la mlombwa. Mpope ndinamata matabwa awiri, m'kati ndinabisamo zitsulo zomangira nyumba kuti kulemera kufanane ndi yeniyeni.

Pa sikelo ikukwana makilogalamu 13. Mfuti ya Springfield ya msilikali wamba inkalemera pafupifupi makilogalamu 4 basi. Ndayesa kuikweza paphewa chiimire, ndipo mkono wamanzere umayamba kunjenjemera ndisanapeze n'komwe chandamale. Eni ake ankaitsamiritsa pa chipika kapena pa mulu wa dothi, ndipo tsopano ndawamvetsa ndi msana wanga.

Mfuti zimenezi sanazipangire nkhondo. Zinali za mipikisano yolasa chandamale, zosulidwa imodziimodzi ndi amisiri monga Morgan James wa ku Utica, m'chigawo cha New York. Hiram Berdan, wa mbali ya kumpoto pa nkhondoyo, atayamba kusonkhanitsa asilikali ake a yunifolomu yobiriwira mu 1861, munthu ankalembedwa pokhapokha atalowetsa zipolopolo 10 zotsatizana m'kabwalo ka mainchesi 10 ali pa mtunda wa mayadi 200. Ambiri anabwera ndi mfuti zawozawo za kunyumba.

Chimene chandidyera nthawi sabata ino ndi kachidutswa ka kutsogolo kotchedwa false muzzle. Mmisiri ankadula nsonga ya mpope asanaseme mizere ya m'kati yozunguza chipolopolo, n'kuibwezeretsa pomwepo ndi timisomali, kenako n'kusema mizereyo zonse zili pamodzi. Pothira, kachidutswako kamakhala pakamwa, chipolopolo chokulungidwa m'kansalu kapena m'pepala chimalowera mmenemo chili chowongoka, ndipo ndodo yogogodera sikhudza mlomo weniweni wa mpope. Mlomowo ukangobenthuka pang'ono, chipolopolo chimatuluka chopendekeka, patali n'kuphonya. Ukatha kuthira umakachotsa.

Kanga ndakasema ndi timisomali tinayi ta nsungwi. Mabowo ndinaboola mpope ndi kachidutswako nditazimanga pamodzi, monga ankachitira iwo, ndipo kakumalowa ndi kaphokoso kakuti tswii, kothina bwino. Pamwamba ndaikapo kachitsulo koimirira kotchinga diso. Nzeru imeneyi ndaikonda kwambiri: munthu akaiwala kuchotsa, akasuzumira saona kanthu, ndiye sangawombe kachidutswako n'kukataya kuthengo. Kakatayika panalibe kogula kena, chifukwa mizere yake inkagwirizana ndi mfuti imodzi yokhayo.

Ndiye taganizani msilikali ali m'matope pa Yorktown, m'chigawo cha Virginia, mu 1862. Onga ayeze, kachidutswa avale, chipolopolo achiyambitse ndi chokankhira chake, agogode ndi ndodo, achotse, aike kapu (kachitsulo koyatsira onga), ndiyeno awombe kamodzi. Pozinga linga la adani zinkatheka, poti anthu amakhala malo amodzi masiku ambiri. Pa ulendo wapansi inali chipsinjo. Chaka chomwecho anyamata a Berdan analandira mfuti za Sharps zothirira kumbuyo, ndipo zolemerazo zochepa zimene zinatsala zinkayenda m'ngolo, n'kumatulutsidwa pakakhala ntchito ya patali. Ena amadandaula kuti analakwitsa kusintha. Ine ndimati amene akunena zimenezo ayambe anyamula yangayi kuchoka pano kukafika kumsika.

Mnzanga wina akundikakamiza kuti ikatha iyi ndiseme mfuti ya Whitworth ya ku Manchester, ku England, imene ankagwiritsa ntchito asilikali a mbali ya kummwera, ya bowo la makona 6. Akuti ndi imene inapha General John Sedgwick wa mbali ya kumpoto pa nkhondo ya ku Spotsylvania pa 9 Meyi 1864, atangonena kuti adaniwo sangalase ngakhale njovu pa mtunda umenewo. Nkhani ndi yokoma, koma mfutiyo ndi yopepuka, ndipo ine mtima uli pa zolemerazi.

Chatsala ndi chowonera patali chomangirira pamwamba pa mpope. Za nthawi imeneyo, monga za William Malcolm wa ku Syracuse, zinali zowonda ndi zazitali pafupifupi ngati mpope womwe. Ndapeza paipi yamkuwa ya mulingo wabwino kwa ogulitsa zitsulo zakale, koma yapindika pakati, ndiye Loweruka ndiyamba n'kuiwongola ndisanaganize za zomangira zake.