Akuti mwana amaiwala msanga

Lachiwiri ndinali mu kombi yochoka ku Mbare Musika kupita ku Mufakose, tafika pena pomwe akukonza msewu, chigiledala chikubwerera m'mbuyo chikulira pii pii pii. Ine mtima phaa, manja thukuta lokhalokha, miyendo gwa. Mayi wina yemwe tinakhala mpando umodzi anandifunsa mu Chishona ngati ndili bwinobwino, ndinangoti ndi kutentha. Kutentha mu June ku Harare kuno? Bodza lenileni.

Mu 2005 ndinali ndi zaka 9. Tinkakhala mu kakabini ka matabwa kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Mbare, ife zidzukulu za agogo omwe anachoka ku Ntcheu kalekale kudzasaka ntchito kuno ku Halale, monga ankatchulira iwowo. Murambatsvina, ntchito ija ya boma la Zimbabwe yogwetsa nyumba ndi misika yomwe ankati ndi yosaloledwa, itafika ndi zigiledala zake, kakabini kaja kanagwa ine ndikuona ndi maso angawa, yunifomu yanga ya sukulu ili momwemo. Lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama, koma ine chomwe ndimakumbuka ndi kuzizira, kugona panja pafupi ndi wodilopu, komanso mawu a azakhali akuuza amayi kuti musadandaule za anawa, mwana amaiwala msanga. Kumudzi komwe ankati tibwerereko tinalibe, ku Ntcheu sitinapondeko ndi kamodzi komwe.

Kugwa kwa nyumba kunali kwa tsiku limodzi. Zomwe zinabwera pambuyo ndi zomwe zinatidya pang'onopang'ono, abambo ntchito yawo yokhoma mipando inathera pomwepo, anayamba kachasu, akabwera usiku amayi ankalandira zibakera ife tili pansi pa bulangete tikunamizira kugona, mpaka lero ine ndimadziwa kuti munthu waledzera pongomva mmene akutsegulira chitseko.

Achimwene anga anali ndi zaka 13 nthawi imeneyo. Pano ali pa mutoriro, mankhwala ozunguza bongo aja a crystal meth, amayankhula okha, masiku atatu osagona. Abale akuti anawalodza. Tapita nawo kwa asing'anga, tapita ku masowe kwa amapositoli, mbuzi zapita, madola apita, koma palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti kodi mnyamatayu anaona chani ali mwana. Achimwenewo ndi amene ankaimirira pakati pa abambo ndi amayi.

Ndinadzawerenga za kafukufuku wina wa ku San Diego wotchedwa ACE, madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anafunsa akuluakulu oposa 17,000 za ubwana wawo, kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona mayi akumenyedwa, kukula ndi chidakwa m'nyumba. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Omwe anadutsa m'zinthu zinayi kapena kuposa apo, mpata woti agwe m'chidakwa, mankhwala ozunguza bongo, depuleshoni kapena kuyesa kudzipha unali wochuluka maulendo 4 mpaka 12 poyerekeza ndi omwe sanaone zimenezi. Ndinawerenga zala, kwathu zinakwana. Nkhani yake ndi yoti mwana akamakhala mwamantha tsiku ndi tsiku thupi limangotulutsa cortisol ndi adrenaline, mahomoni omwe amatuluka munthu akakhala pa zoopsa, ubongo ukukula uku uli tcheru ngati mlonda, ndiye ngakhale zoopsazo zitatha mlonda uja saweruka ayi.

Sikuti aliyense amadwala, ndisanamize anthu. Mlongo wanga wamng'ono ali bwinobwino, amagulitsa mabelo a kaunjika ndipo amaseka kuposa tonse, mwina poti iye azakhali anamutenga msanga kukakhala nawo ku Mabvuku.

Ine chinandithandiza ndi benchi. Friendship Bench ija anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare konkuno, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki kumamvetsera anthu. Anzathu a Chishona matenda a nkhawa ndi depuleshoni amati kufungisisa, kuganiza mopyola. Ndinapita mwamanyazi, mwamuna wamkulu ndevu pepeya kukalira kwa gogo eti. Sanandipatse mapiritsi, sananene kuti pemphera kwambiri, anangoti muzukuru, yamba pomwe ukufuna. Ndinayamba ndi yunifomu ija, ndinadabwa ndekha.

Tulo ndikupezako tsopano, osati masiku onse. Chigiledala chija chinandipezabe.

Loweruka ndinapita kukaona amayi, ndinawafunsa ngati amakumbuka zomwe azakhali ananena usiku uja. Anakhala chete akusankha nyemba m'lichero, kenako anati, "Iwe, unali maso?" Ndinati eya amayi, masiku onse aja ndinali maso. Lichero analiika pansi. Achimwene anali panja pa mpanda akukangana ndi munthu yemwe ife sitimamuona, amayi anandituma kuti ndikawaitane adzadye.