Pa dziwe la ku Margitsziget, ndikukumbukira Dezső Gyarmati

Ndinatsika tramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) ya nambala 4 pakati pa mlatho wa Margit híd kudakali m'mawa, n'kuyenda wapansi kulowa pa chilumba cha Margitsziget, chimene chili pakati pa mtsinje wa Danube mumzinda wa Budapest. Chimene chinandikokera kumeneko ndi dziwe losambiramo limene linatsegulidwa mu 1930, ndipo limadziwika ndi dzina la Alfréd Hajós, amene analemba mapulani ake, yemwenso anali munthu woyamba wa ku Hungary kupata golide pa Olympics, ku Athens mu 1896.

Ndinapeza achinyamata akuyeserera water polo, masewero a mpira wamanja oseweredwa m'madzi. Ukaima pamtunda umangoona mitu, mikono ndi mpira, koma ntchito yowawa ili pansi pa madzi, chifukwa wosewera saloledwa kuponda pansi, ndipo miyendo imapalasa osapumira pamene mdani akumukankha. Nditaona zimenezi ndi maso anga, m'pamene ndinamvetsa kukula kwa zimene Dezső Gyarmati, katswiri wa water polo wa ku Hungary, anachita. Bamboyu, wobadwira ku Miskolc pa 23 Okutobala 1927, anapata mendulo pa ma Olympics 5 otsatizana: ya siliva ku London mu 1948, ya golide ku Helsinki mu 1952, ku Melbourne mu 1956 ndi ku Tokyo mu 1964, komanso ya bulonzi ku Rome mu 1960. Ku Tokyo anali atayandikira zaka 37, akulimbana ndi anyamata amene anali ana aang'ono pamene iye ankasewera ku London.

Nkhani ya 1956 ndi imene inandikhalitsa pansi nthawi yaitali. Anthu a ku Budapest anaukira ulamuliro wachikomyunizimu pa 23 Okutobala, tsiku lenileni lokumbukira kubadwa kwa Gyarmati, ndipo akasinja a Soviet Union anathetsa kuukirako mwankhanza. Pa 6 Disembala timu ya Hungary inakumana ndi ya Soviet Union ku Melbourne n'kupambana 4-0, pa mpikisano umene Ervin Zádor, wosewera wa Hungary, anatuluka m'madzi magazi ali chuchuchu kumaso atamenyedwa ndi Valentin Prokopov wa Soviet Union.

Osewera ambiri a Hungary sanabwerere kwawo. Gyarmati anakhalako ku United States kwa kanthawi, koma anabwerera, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu pa mbiri yake, pakuti mu 1976, ali mphunzitsi wa timu ya dziko, anatengera Hungary golide ku Montreal. Anamwalira ku Budapest mu 2013.

Mphunzitsi wa achinyamata aja atayimba wezulo yomaliza, ndinanyamuka kubwerera ku mlatho, fungo la mankhwala a m'dziwe likadali m'mphuno.